Laimu, Chiperoni ndi Mimba ya a Nampinga

Mukadzafika kwathu ku Mpama n'kuona khoma la kum'mawa la nyumba yathu lili lopalikapalika ngati msana wa galu wamphere, musadzafunse amayi anga. Dzafunseni ine. Amayi akangomva mawu akuti "khoma" amayamba kufunafuna patapata, ndipo sikuti amakhala akufuna kuvala ayi.

Ine ndili Fomu 3, ndipo matenda anga ndi zilembo. Anzanga akaona A amangoona A basi. Ine ndimaona bambo atatangadza miyendo pasiteji, akudikira minibasi. B ndi mayi wa zitumbuwa atamanga chitenje kwambiri m'chiuno. S ndi munthu akuchokera kokamwa kachasu. Ndikagwira burashi, zilembo zimamera miyendo, maso ndi nsapato, ndipo nthawi zina sindichita kuzituma.

Musaganize kuti ndi zachibwana zokhazokha. Anyamata a kabaza a pa Njuli amandibweretsera timalata ta kumbuyo kwa njinga, ine n'kuwalembera mawu awo m'zilembo zopendekera kutsogolo ngati nazonso zikupalasa. Mayi wina wa mafirizi ndinamulembera zosungunuka, zodontha m'munsimu. Wa tchipisi ndinamupatsa zonenepa, zonyezimira ngati zangovuulidwa m'chiwaya. Koma tsiku limene anabwera wokhoma mabokosi a maliro, ngakhale ine ndinadziwa kuti apa pafunika zilembo zoima njo, zovala jekete. (Mwaona? Nzeru ndili nazo. Kungoti sindizigwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndimaopa zingathe.)

Aphunzitsi athu a Chichewa anandichenjezapo. Anati, "Iwe, zilembo zakozi ndi zapamutu basi, mawu awiri kapena atatu. Ameneyu ndi tsabola, si ndiwo." Ananena zimenezi nditawalembera chimangirizo chonse m'zilembo za maso. Akuti atafika pakati analeka kuchonga chifukwa chimangirizocho chinkawayang'ana.

Tsono chaka chatha, m'nyengo yozizira, kunali chinkhoswe cha achemwali anga a Felista. Mwamuna wawo, a Yohane, ndi munthu wabwinobwino, wokonza mafoni pa Njuli. Vuto linali amalume awo a Yohanewo, a Nampinga, ogulitsa nyama ya mbuzi, amene anali nkhoswe ya kuchimuna.

A Nampinga akamabwera, mimba imayamba kufika, eniake n'kumabwera pambuyo. Pamutu amaika kachipewa kakang'ono ngati chivundikiro cha ketulo, buluku amakoleka ndi malamba a m'mapewa, ndipo mtima wawo ndi wapachala. Atabwera koyamba kudzakamba za ukwatiwu, tinawapatsa kampando kopanda potsamira, poti mipando yabwino inali itapita kumaliro. Anakayang'ana kampandoko, anatiyang'ana ife, n'kunena kuti, "Sindinabwere kudzakama ng'ombe." Basi, ulendo wa ku Njuli. Nkhani inaima dzinja lonse. A Felista ankalira mpaka madiresi anayamba kuwakhwepa. Zinatheka amalume athu, a Pindani, atapalasa njinga ndi nkhuku kukapepesa, ndipo ngakhale pamenepo a Nampinga ananeneratu kuti akadzanyamukanso kachiwiri sadzabwereranso, atsikana pa Njuli ndi osayamba.

N'chifukwa chake kutatsala sabata, a Felista anandikokera kuseri kwa bafa.

"Iwe, ndakugwira mwendo. Tsiku limodzi lokha, ukhale munthu."

"Achemwali, ine ndinalakwapo chiyani?"

"Ukufuna ndiyambire pa chule wa m'chikwama cha asisitere, kapena pa tsabola wa m'thobwa?"

Ndinalonjeza. Ndinagwira ndi pamtima pomwe.

Tsoka lake, amayi anandipatsa ntchito yolemba TAKULANDIRANI pakhoma loyang'ana pabwalo pamene padzakhale mwambo. Ndinali ndi penti wamafuta wotsala ku ntchito ya akabaza, wakuda ndi wofiira, uja wosachoka ngakhale mvula igwe mwezi wathunthu. Ndinayamba ndi mtima woyera, Mulungu ndi mboni. T anatuluka waulemu. A chimodzimodzi. Pa K dzanja linayamba kuyabwa, ndipo ndisanazindikire, K anali ataponya mwendo uku, mkono uko, duku lili pambali: azakhali athu enieni akuvina paukwati. Ndinati basi, kamodzi komweka.

Kenako ndinafika pa D.

Ndiuzeni inuyo owerenga, mwachilungamo. D n'chiyani ngati si msana wowongoka ndi mimba kutsogolo? Ine ndinangomalizitsa zimene chilembocho chinayamba chokha. Ndinaika kachipewa pamwamba. Ndinatsitsa malamba awiri ofiira. Pakatikati pa mimba ndinajambula batani likuthothoka, likuuluka, ndi timizere tosonyeza liwiro. Pansi, tinsapato tiwiri tosaoneka kwa mwini wake.

Pambuyo pa D pamabwera I, ndiye pamenepo ndinaimika abambo anga, poti iwo ndi owonda ngati nsungwi ndipo amaima phee chimodzimodzi. Abambo ndi akamwini, kwawo ndi ku Mbombwe, anachita kudzakwatira kuno. Pa zochitika ngati izi ntchito yawo ndi kunyamula mabenchi, kupha mbuzi ndi kusambitsa alendo m'manja. Zolankhula ndi za amalume. Ndipo amalumewo ndinawapatsa R, chifuwa patsogolo, mwendo umodzi atauponya, mmene amaimira akamalankhula pagulu.

Inali ntchito yokongola kuposa zonse zimene ndinagwirapo. Mpaka lero ndimanena choncho.

Amayi atabwera kuchokera kudimba anaona, n'kutula dengu. Anaseka mpaka anakhala pansi. Kenako anakumbukira kuti ndi amayi.

"Pala! Upale mpaka njerwa ioneke! Ukufuna mkulu wako akalambire pakhomo pano?"

"Ndipala, amayi."

Ndinatenga chikwanje chakale, ndinachiika pa kachipewa kaja, koma mtima unakana. Munthu ungapale mwana wako? Pakhonde panali ndowa ya laimu amene tinagula kuti tiyeretsere nyumba. Ndinamusungunula, ndinapaka khoma lonse, dzuwa linawomba, ndipo pofika madzulo khomalo linali mbee, losalakwa ngati mwana wa ukaristia woyamba. Pamwamba, m'munsi mwa denga, ndinalemba TAKULANDIRANI wina wa zilembo zoongoka, zamanyazi. Maganizo anga anali akuti alendo akapita ndidzatsuke laimuyo, anthu anga atulukenso. Amayi anayendera, anagwedeza mutu, anati ndayamba kukula.

Tsiku la chinkhoswe kunacha kozizira, phiri la Chiradzulu osaoneka, nkhungu yokhayokha. Chiperoni. Anyamata anamanga tenti, mbali imodzi n'kuikoleka pamisomali ya pakhoma lomwe lija. Akuchimuna anawakhazika motsatira khomalo, atalifulatira, a Nampinga pakatikati pa sofa amene tinachita kubwereka kwa aphunzitsi (za kampando tinali titaphunzira). Ife akuchikazi tinakhala moyang'anana nawo. Kutanthauza kuti khoma linali kumaso kwathu.

Mwambo utangoyamba, kamvula kanayamba kuwaza. Kamvula kaulemu, kosathamangitsa munthu. Madzi ankasonkhana patenti, n'kumatsetserekera kukhoma, n'kumatsika pang'onopang'ono.

Pali zinthu zimene kusukulu satiphunzitsa. Amatiphunzitsa za mapiri a kunja ndi ziwalo za chiwala, koma palibe anandiuzapo kuti laimu akanyowa amakhala ngati pepala lokulungira tchipisi: za kuseri zonse zimaonekera.

Choyamba kutuluka chinali kachipewa. Kanatulukira pamwamba penipeni pa kachipewa kenikeni ka a Nampinga, ngati ali ndi tiwiri. Ndinatseka maso, ndinatsegula. Kanalipobe, ndipo m'munsi mwake munayamba kuoneka timizere tiwiri tofiirira.

Kunja kunali kozizira koma m'khwapa munali chilimwe. Ndinayang'ana a Felista, koma iwo anali m'nyumba, akudikira kutulutsidwa. Ndinayang'ana amayi: anali kalikiliki ndi mbale. Kamwana ka azakhali, kamene kanakhala pafupi nane, kanakweza chala.

"Taonani, kukhoma kukutuluka mun..."

Ndinakatseka pakamwa ndi chitumbuwa.

Nzeru yoyamba inali yophimba. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatenga chitenje chachikulu, ndikuti ndikachikoleke pamisomali ngati chokongoletsa. Pakhomo ndinagundana ndi azakhali.

"Eya, wachita bwino, ndi chitenje chomwe! Timasowa mtsikana wina. Tiye kuno."

"Azakhali, ndili pa changu, ndikufuna..."

"Changu cha chiyani pa chinkhoswe cha mkulu wako? Werama!"

Mukudziwa mwambo uja wophimba atsikana kumutu mpaka kumapazi, n'kumawatulutsa mmodzimmodzi kuti akuchimuna aloze mkazi wawo. Ndiye chitenje chimene ndinati chibise khoma chinabisa ine. Anandigwira mkono, nyimbo ikulira, n'kumandiyendetsa pang'onopang'ono ngati mbuzi yopita kumsika.

Chitenjecho chinali chakutha, choti kunja umaona. Ndikanakonda chikanakhala bulangete. Sitepe iliyonse khoma linkayandikira, ndipo sitepe iliyonse mimba inkakula. Malamba anali atafiira psuu. Batani linali litayamba ulendo wake. Cha kumanzere azakhali a pakhoma anali ataponya kale mwendo, pamene azakhali enieni, amene anandigwira mkonowo, ankavina chimodzimodzi osadziwa kanthu. Kumbali yathu azimayi ankaimba nthungululu zosalekeza, zazitali modabwitsa, mapewa akugwedezeka. Akuchimuna ankamwetulira, kuganiza kuti akondedwa. Ine ndinadziwa: nthungululu zimenezo kunali kubisa phwete.

Ndinapemphera m'chitenjemo. Ndinalonjeza kulowa kwaya. Ndinalonjeza kubweza chule. Ndinapempha dzuwa la mphindi zochepa chabe, loti liumitse khoma. Kamvula kanawonjezera.

A Nampinga anadzuka pasofa, sofa n'kupuma. Anandizungulira, ambulera ili m'manja ngati ndodo.

"Ayi, uyu si wathu. Wathu ndi wodekha. Uyu akunjenjemera ngati wakuba nkhuku. Komanso taonani zala za kumapazi, penti yekhayekha."

Anthu anaseka, azakhali anandivundukula, ndipo ndinapezeka maso ndi maso ndi batani lenileni. Nalonso linali pa mavuto.

"Ndiwe mng'ono wake eti? Ndamva kuti ndiwe walemba mawu otilandira aja. Ndinawaona pofika. Zilembo zoongoka, mwana woongoka. Ndiwaonenso bwino..."

Anayamba kutembenuka.

Ndinadzigwetsa pansi, maondo m'matope, n'kugwira dzanja lawo ndi manja awiri.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Ndadzuka, kaya iwe. Koma agogo ndiye ayi."

"Pepani, amalume. Kunyumba mwasiyako bwanji?"

"Kuli bwino."

"Ana?"

"Ali bwino."

"Nanga mbuzi?"

"Mbuzi timapha, mwana iwe."

"Zotsalazo?"

Azakhali anachita kundizula ngati chinangwa. Koma zinathandiza, a Nampinga anakhalanso pansi, akuuza akazi awo kuti mudzi uno ana ake ndi aulemu mopitirira.

Kenako anatulutsa a Felista. Atawavundukula, bwalo lonse linaphulika, a Yohane mano onse pamtunda. Achemwali anali atakongola zoti ngakhale ine ndinavomereza. Anamwetulira, anakweza maso mwamanyazi kuyang'ana apongozi awo, ndipo maso aja anapitirira pang'ono, kufika pakhoma. Kumwetulira kunatsala pamalo pake, koma nkhope yonse inachokapo. Anandifunafuna m'gulumo mpaka anandipeza, ndipo milomo yawo inanena mopanda mawu, koma ndinamva bwinobwino: ndikupha.

Apa ndiye mantha enieni anandigwira. Kukwapulidwa ndinakuzolowera. Koma ndinakumbukira dzinja lija, achemwali atakhala pamphasa osadya, akungoyang'ana njira ya ku Njuli.

Inafika nthawi yoti ankhoswe apatsane nkhuku. A Nampinga anaimirira ndi tambala wamkulu wofiira, amalume a Pindani anabwera kudzalandira, chifuwa patsogolo. Amalume tsiku lonse anali otanganidwa ndi zolankhula zawo, khoma anali asanaliyang'ane. Analiyang'ana atagwira kale tambala. Anaona D, anaona a Nampinga, anaonanso D. Masaya anafufuma. Mphuno inalira ngati njinga yaphulika chubu, manja n'kulekerera.

Tambala anauluka. Sanapite kumunda, sanapite kumsewu. Anadutsa pamwamba pa sofa, n'kukatera pachingwe cha tenti, pakhoma penipeni, n'kulira.

Akuchimuna onse anatembenuka.

Mnyamata wa zoimbira anazimitsa nyimbo (mpaka lero sindinamukhululukire). Kunangotsala kulira kwa madontho patenti. Khoma linali litanyowa lonse, anthu anga onse ali poyera, owala kuposa tsiku limene ndinawajambula.

A Nampinga anayamba kuwerenga chakumapeto, akuloza ndi ambulera. Atafika pa R anaima. Anayang'ana amalume, amene pa nthawiyo anali ataima mwendo umodzi kutsogolo.

"Achimwene! Si inu awa? Hede! Ndi mwendo womwe!"

Kuseka kwa amalume kunathera pomwepo. A Nampinga anadumpha zilembo zina, anakapeza K, anaseka mpaka kutsokomola, azakhali akufunsa anthu kuti, "Ndani? Ine? Ine ndimavina choncho?" Ndinayamba kupuma. Ndinati mwina Mulungu wamva za kwaya zija.

Kenako ambulera inabwerera pakati, n'kuima pa batani.

Anayang'ana nthawi yaitali. Dzanja lawo linakwera lokha kukagwira kachipewa kumutu.

"Nanga uyu ndani?"

Anatembenukira kumbali yathu.

"Ndikufunsatu. Eni mudzi, uyu ndani?"

Akazi awo anayamba kutolera kachikwama ndi juzi. Akuchimuna ena anali ataimirira kale, akukutumula mabuluku. A Yohane thukuta kamukamu m'chisanu chonse chija. Amalume, olankhula pamaliro ndi pamilandu, ankayang'ana nsapato zawo. Amayi ankayang'ana ine. A Felista misozi inali itayamba kuchotsa zopakapaka za kumaso.

"Ameneyo ndine, a Nampinga."

Mawuwo anachokera kumbuyo, kumabenchi. Anali abambo, jagi ya madzi osamba m'manja ili kudzanja, kathaulo paphewa. Anthu anayang'anana. Pamudzi pathu ena anali asanamvepo mawu a abambo pagulu chikwatirire.

"Inu?" anatero a Nampinga, akuwayeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ntchito yosatenga nthawi.

"Ine ndithu. Ndi mmene ndinalili tsiku limene ndinabwera kudzakwatira pamudzi pano. Kachipewa, malamba, zonse. Ku Mbombwe ndinkachita kulowa chammbali pakhomo. Mwanayu anangomva kwa anthu." Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhoma, n'kuloza I ndi jagi. "Tsono uyu wapafupiyu ndi ine lero. Chikamwini chimenecho."

Anatembenukira kwa a Yohane, nkhope ili phee ngati ali mu Misa.

"Mwana wanga, zalembedwazi n'zoona, takulandirani. Koma lero udyeretu."

Choyamba kugwedezeka inali mimba ya a Nampinga. Inagwedezeka payokha kanthawi, eniake akulimbana nayo, milomo atailuma. Kenako zinawakanika. Anaseka a Nampinga mpaka kachipewa kanagwa, anadzigwetsa pasofa, sofa n'kudandaula. Bwalo lonse linatsatira, azimayi tsopano akuseka poyera kuseka kumene anakusunga kuyambira m'mawa.

"Yohane! Wamva? Ukadzaona lamba wayamba kukhwepa, udzathawire ku Njuli, ndidzakuwotchera chiwindi!" anakuwa a Nampinga.

Anyamata anagwira tambala, nyimbo inayambanso, ankhoswe anapatsana nkhuku zawo, ndipo a Felista anakhala mkazi wa a Yohane pamaso pa anthu onse, a pabwalo ndi a pakhoma omwe.

Pomwe alendo ankakwera galimoto, a Nampinga anandikodola. Miyendo inafuna kuthawa, koma ndinapita. Anawerama mmene mimba inawalolera, n'kulankhula motsitsa.

"Iwe. Malamba angawa si ofiira, ndi akhofi. Ndipo batani langa silinathothokepo pagulu. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Bambo ako ndi munthu. Ukawagwadire."

Mawa lake ndinapala khoma lonse ndi chikwanje, amayi atakhala pampando kumbuyo kwanga, patapata ali pamwendo. A Felista anakhala osandilankhula mpaka chimanga chinamera. Amalume anasiya kuponya mwendo akamalankhula, moti pano amaoneka ngati aiwala chinachake kunyumba. Koma amene analipira kwambiri ndi abambo. Mlungu wonse amayi ankangoti, "Ndiye mumauza anthu a ku Njuli kuti sindikudyetsani? Idyani tsono. Malizani. Onjezerani." Abambo ankadya mwakachetechete, akandiyang'ana n'kunditsinzinira diso.

Anthu amandifunsa ngati ndinatengapo phunziro. Kwambiri. Laimu si mnzako, ndipo nyengo ya chiperoni si yosungira chinsinsi pakhoma. Za kujambula anthu ndiye sindinaonepo cholakwika, poti onse anazindikirika bwinobwino, ngakhale tambala anawazindikira.

Alamu a Yohane anamanga kanyumba kuseri kwa yathu. Anabwera ndi masaya, nkhope yozungulira bwino ngati O. Amayi awapatsa kale munda wa kumtunda uja, wamiyala, ndipo mabenchi a kumaliro tsopano amanyamula ndi iwo. Ine ndikungowayang'ana m'mawa uliwonse akamapita ndi khasu. O uja wayamba kuphwa m'mbalimu. Sindikufulumira. Kaburashi kanga kowonda, kolembera I, ndakatsuka bwinobwino, ndakasunga pouma.